Sewero aliponya pakati pa usiku, ndakatulo azidula: kodi wayilesi ya anthu onse ntchito yake n'chiyani?

Khutu_Lakumanzere
Abale, ndabwera ndi dandaulo, mundipirire. Wayilesi imene ndimamvera, yoyendera ndalama za anthu, yasuntha pologalamu ya sewero. Inkamveka 7 koloko madzulo tonse tili m'nyumba. Pano aiponya 11 koloko usiku, pamalo pake aikapo yoimba mafoni, anthu n'kumakangana za mpira. Ya ndakatulo inali ya mphindi 30, yatsala ya mphindi 10, mlakatuli asanakhosomole n'komwe nyimbo yotsekera yayamba kale. Ya nkhani zopeka ija, imene munthu mmodzi ankawerenga nkhani mpaka kumapeto, ndiye inangozimirira osatsanzika. Kodi zinthu zimenezi zinatha ntchito, kapena ndi ine ndakalamba?

Nyenyezi88
Zinatha, akulu. Pepani kunena mosapsatira. Ndani lero angakhale duu mphindi 30 kuyang'ana khoma, foni ili ndi kanema m'thumba?

GogoWaBatire
Mwana wanga, khomalo sitinkaliona. Ndikukumbuka sewero lina, mayi ali yekha m'nyumba usiku, mwamuna wake ali ku ulendo. Kunangomveka chitseko, kweee, kenaka phazi limodzi, kenaka zii. Ife tonse m'nyumbamo tinatembenuka kuyang'ana chitseko chathu. Mng'ono wanga anachita kudzuka kukachigwira ngati n'chotseka. Palibe anatiuza kuti kunali mdima, palibe anatiuza kuti wolowayo anali wamtali. Koma ine ndi mng'ono wangayo tinakangana sabata yathunthu, ine ndikuti ali ndi ndevu, iye akuti ndi wadazi. Patapita zaka ndinaona chithunzi cha wosewerayo mu nyuzipepala: kamunthu kochepa thupi, kamagalasi, konga kalaliki. Ndinakhumudwa ngati wandibera.

Nyenyezi88
Agogo, nthawi imeneyo munalibe china choonera. Njala imakometsa chilichonse.

GogoWaBatire
Kanema ndili nayo pano, ndimaonera. Koma chitseko chija sindinachiiwale, pamene za dzulo pa kanema ndaiwala kale.

Wamaikolofoni
Ndinagwirapo ntchito mu situdiyo zaka zingapo, ndiye ndilankhuleko. Zimene agogo akunenazi si kulakalaka zakale chabe, ndi mmene luso limeneli linapangidwira kuchokera pachiyambi. Sewero limene ambiri amati ndi loyamba kulembedwera wayilesi ku Britain linaulutsidwa ndi BBC mu Januwale 1924, wolemba wake Richard Hughes. Iye anadzifunsa kuti, anthu sadzaona kanthu, nanga nditani? Ndiye anaika anthu ake mu mgodi wa malasha, magetsi n'kuzima. Osewera ali mu mdima, omvera ali mu mdima, onse afanana. Omvera anachita kuuzidwa kuti azimitse nyale kunyumba.

Mu situdiyo, maikolofoni ndiye diso la womvera. Wosewera akayandikira n'kulankhula chapansipansi, ali m'mutu mwanu, mukumva maganizo ake. Akabwerera masitepe atatu n'kukweza mawu, ali kutsidya kwa bwalo. Akatembenuzira nkhope kumbali, akutuluka. Moto tinkaupanga pofinya pepala la pulasitiki pafupi ndi maikolofoni. Kuyenda pa msewu wa miyala, kabokosi ka timiyala, munthu n'kumaponda momwemo osapita kulikonse. Tsiku lina tinafuna phokoso la mvula padenga, tinakajambula mvula yeniyeni. Itamveka pa sipika inali ngati wina akukazinga kanthu. Tinataya, n'kutenga timiyala ta mchenga kumawaza pa chitini, aliyense anati eya, mvula ndi imeneyo. Khutu silifuna choonadi, limafuna chimene likuyembekezera.

Vuto la masewero ambiri amene ndikumva lero ndi lakuti analembedwera pa nsanja, kenaka n'kungowakankhira pa maikolofoni. Mumamva munthu akuti, "Iwe, ukundiloza ndi mpeni umene uli m'dzanja lako lamanjalo chifukwa chiyani?" Ndani amalankhula choncho akuopa kufa? Kapena anthu asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi, atatu mawu ofanana, womvera osadziwa wakwiya ndani. Pa wayilesi munthu akakhala chete mphindi imodzi, wafa. Uyenera kumukhosomoletsa, kumutchula dzina, kapena kumutulutsa.

Kadzidzi
Zokoma zonsezo, koma tiyeni tikambe za thumba. Pologalamu yoimba mafoni imafuna muulutsi mmodzi ndi wa makina mmodzi. Zolankhula amabweretsa omvera, ndipo foniyo amalipira okha. Sewero la mphindi 30 limafuna wolemba, wokonza, osewera anayi kapena asanu, wa maphokoso, tsiku loyeserera, tsiku lojambula, ndi maola odula ndi kulumikiza. Ukakhala bwana wa wayilesi ndalama zikuchepa, ungadule chiti? Musawade anthuwa, akuwerengera.

Khutu_Lakumanzere
A Kadzidzi, kuwerengerako n'kwa wayilesi ya malonda. Imeneyo sindiidandaula, ili pa bizinesi. Koma iyi timailipirira tonse kuti ichite zimene wamalonda sangachite. Ikamathamangira mpira ndi nyimbo zomwezo zili pa nyumba zina khumi zoulutsira mawu, ndalama zathu zikugula chiyani?

Kadzidzi
Zikugula nkhani, zanyengo, maphunziro, mauthenga a ngozi. Ndakatulo ndi za anthu angati? Mukufuna msonkho wa anthu miliyoni usangalatse anthu mazana awiri.

MphunzitsiPaTchuthi
Mazana awiriwo mwawawerenga liti, achimwene? Koma ngakhale atakhala ochepadi, tamvani izi. Kuyambira 1943 mpaka 1958 BBC inali ndi pologalamu yotchedwa Caribbean Voices, imene anaiyambitsa mayi wa ku Jamaica, Una Marson, kenaka n'kuitenga Henry Swanzy. Anthu a ku zilumba za Caribbean ankatumiza ndakatulo ndi nkhani zawo ku London, zinkawerengedwa pa wayilesi, n'kumvekanso kwawo komweko. Chachikulu n'chakuti olembawo ankalipidwa. Kwawoko makampani osindikiza mabuku anali osowa, ndiye wayilesi ndi imene inali magazini yawo, mkonzi wawo ndi msika wawo. Mlakatuli Derek Walcott anadutsa mmenemo ali mnyamata, anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1992. Wolemba mabuku V. S. Naipaul anagwirako ntchito, anadzalandira yake mu 2001. Bwana wowerengera omvera akanaidula chaka choyamba.

Ndipo musaiwale munthu wosadziwa kuwerenga, kapena wosaona, kapena amene buku silifika kumene ali. Kwa ameneyo nkhani yowerengedwa pa wayilesi ndiye laibulale yonse. John Reith, mkulu woyamba wa BBC, ankati ntchito ya wayilesi yotere ndi itatu: kudziwitsa, kuphunzitsa ndi kusangalatsa. Ife tagwira ziwiri, chachitatu tasiyira mpira.

Chimtengo
Mpira mwaulakwira chiyani? Muulutsi wabwino wa mpira ndi mlakatuli kuposa alakatuli anuwo. Ndamvapo chigoli chikufotokozedwa mpaka tsitsi kuima.

SekaPang'ono
Chigoli chimene timu yanu inamwetsedwa Loweruka chija? Chinalidi ndakatulo ya maliro.

Chimtengo
Oimbira anatibera, dziko lonse linaona.

SekaPang'ono
Munamvera pa wayilesi, munaona bwanji?

Woyang'anira_Gulu
Za mpira zili ndi malo ake. Tibwerere.

MlakatuliWaUsiku
Ine ndikufuna ndinene za ndakatulo, chifukwa zinandionekera. Ndinatumiza ndakatulo yanga ku nyumba ina youlutsira mawu, sinditchula. Inali ya bambo anga amene anasiya kuona atakalamba. Munali mzere wonena za khungu lawo, kutanthauza kusaona. Amene anapatsidwa kuti awerenge sanaiwerengeko n'kamodzi komwe asanalowe mu situdiyo, zinkachita kumveka. Anatchula liwulo ndi kamvekedwe ka khungu la pathupi. Ndakatulo yonse inasanduka ya munthu wodwala zipere. Pansi pake anaika nyimbo ya limba yolira kwambiri moti mawu ena ankamira. Dzina langa analitchula molakwika, ndipo ndalama sindinaione ngakhale ya sitampa. Ndinauza abale onse kuti amvere. Ndinazimitsa foni masiku awiri.

Ndiye ine ndimati mlakatuli azilakatula yekha. Ndi iye akudziwa popumira.

Wamaikolofoni
Pepani kwambiri, zimenezo n'zaulesi wa wokonza pologalamu. Pepala silionetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndiye wowerenga amayenera kudutsamo kawiri katatu ndi pensulo, kufunsa pamene sakumvetsa. Koma pa mfundo yakuti mlakatuli azilakatula yekha, ndikutsutsani pang'ono. Ndajambulapo alakatuli ambiri. Theka la iwo akaona maikolofoni amayesa ali pa bwalo la msonkhano. Amakuwa kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, singano ya makina ili pofiira, mzere uliwonse kutha ndi kamvekedwe komweko kokoka. Womvera ali yekha m'chipinda, wayilesi ili pafupi ndi pilo. Munthu amene ali pafupi chonchi sumukuwira.

MlakatuliWaUsiku
Ndakatulo ina imafuna kukuwa. Si zonse zonong'ona.

Wamaikolofoni
Zoona. Koma ukayamba uli pamwamba, ukwera kupita kuti?

MphunzitsiPaTchuthi
Njira zonse ziwiri zilipo ndipo zikuyenda. Ku BBC Radio 4 kuli Poetry Please, inayamba 1979: omvera amalemba kupempha ndakatulo imene akuifuna, nthawi zambiri n'kunena chifukwa chake, ndipo amawerenga ndi akatswiri a zisudzo. Ku America kuli Selected Shorts, imene inayamba 1985 mu holo ya Symphony Space ku New York: wosewera amaima pamaso pa anthu n'kuwerenga nkhani yaifupi, amajambula, n'kumaulutsa pa nyumba za wayilesi za anthu. Chimene ndimakonda pamenepo n'chakuti umamva anthu akuseka kapena kupuma mozama, ndiye ngakhale uli wekha umakhala ngati uli pagulu.

SekaPang'ono
Mwafika pa gawo langa. Nthabwala pa wayilesi popanda anthu oseka ndi chilango. Ndinayesapo. Uli m'kachipinda kotsekedwa, makoma ofewa omeza mawu, kuseri kwa galasi kuli wa makina akuyasamula. Ukuponya nthabwala, ikugwa pansi ngati mwala m'chitsime chouma. Sudziwa uyembekeze nthawi yaitali bwanji. Wanthabwala amayendera kuseka kwa anthu ngati woyimba ayendera ng'oma. Ndipo choipa kuposa ndi kuseka kwa m'makina kuja, komwe amakuthira pambuyo. Kumamveka kofanana paliponse, mayi yemweyo akuseka mofanana kasanu.

Koma mfundo yanga yeniyeni ndi iyi. Mukufuna kudziwa ngati wayilesi ndi ya anthu kapena ndi ya olamula? Musamvere nkhani za 7 koloko. Mverani pologalamu ya nthabwala. Ngati wanthabwala angathe kuyerekeza mawu a nduna, anthu n'kuseka, sabata yamawa n'kubweranso, imeneyo ndi ya anthu. Ngati nthabwala zonse zili za apongozi ndi zidakwa, dziwani kuti pali wina wanyamula lumo.

Kadzidzi
Apa ndiye ndagwirizana nanu. Ndipo mwina n'chifukwa china chimene masewero amadulidwira. Nyimbo siikuika m'mavuto. Sewero limatha kunena chinthu osachinena, bwana n'kudzazindikira foni italira kale.

Mayi_aTadala
Ine chimene chinandithawitsa si nthawi, ndi ulaliki. Masewero ambiri pano amalipiridwa ndi mabungwe, ndiye ukangomva mphindi zitatu wadziwa kale: uyu ndi mbuli, uyu ndi wanzeru, kumapeto kubwera mlangizi kudzawerenga kabuku. Anthu akukondana bwinobwino, mwadzidzidzi mtsikana akuyamba kutchula njira zisanu zopewera matenda, motsatana ngati ali m'kalasi. Ndimazimitsa.

MphunzitsiPaTchuthi
Amayi, vuto si uthenga, ndi kalembedwe. The Archers ya BBC, imene inayamba kumveka dziko lonse la Britain pa 1 Januwale 1951 ndipo ikadalipo, yadutsa magawo 20,000, inayamba ngati njira yophunzitsira alimi nkhondo yachiwiri itatha chakudya chikuperewera. Unduna wa zaulimi unkaperekako malangizo. Koma olemba anamanga mudzi wopeka, Ambridge, wokhala ndi anthu oti uwakonde ndi kudana nawo, malangizowo n'kumalowa chozemba. Mu Seputembala 1955, usiku womwe kanema ya malonda ya ITV inkatsegulidwa, anapha mmodzi wa anthu okondedwa m'seweroli pa ngozi ya moto, ndipo m'mawa mwake anthu ankakamba za maliro opekawo. Udindo wophunzitsa anausiya 1972, sewero linapitirira chifukwa anthu ankafuna kudziwa za mawa.

Ku Tanzania, Twende na Wakati inayamba 1993 pa Radio Tanzania, ya kulera ndi Edzi. Munthu amene omvera ankamutsata kwambiri anali dalaivala wa thiraki wachimasomaso, osati mlangizi. Ku Rwanda, Musekeweya inayamba 2004, nkhani ya midzi iwiri yodana, yokamba za mmene chidani chimakulira, popanda kutchula mitundu. Onsewa ndi a uthenga.

Mayi_aTadala
Ndiye awo anali ndi olemba. Amene ndimamva ine ali ndi komiti.

Wamaikolofoni
Mwalasa. Ndinakhalapo pa msonkhano wina, anthu asanu ndi atatu kuzungulira tebulo, aliyense ndi cholembera chofiira. Wina akuti munthu woipayu asamamveke wosangalatsa. Wina akuti mawu akuti "mogwirizana ndi" alowe penapake. Wolemba ali pakona ngati wobwera kudzapepesa. Potuluka, sewero linali loyera, lolondola, lakufa.

Chimtengo
Paja ku America sewero la pa wayilesi linathawitsa dziko lonse, anthu kuyesa zolengedwa za ku Mars zafikadi? Mphamvu imeneyo ibwerere.

MphunzitsiPaTchuthi
Linali la Orson Welles, pa 30 Okutobala 1938, koma pa wayilesi ya CBS, imene inali ya malonda. Analipanga ngati nkhani zadzidzidzi zodula nyimbo, ndipo ena amene anatsegula mochedwa anachitadi mantha. Zakuti dziko lonse linathawa ndi nyuzipepala zinakokomeza. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti omvera usiku umenewo sanali ambiri chotero.

Chimtengo
Aphunzitsi, ngakhale pa tchuthi simupuma kuchonga?

Nyenyezi88
Chabwino, ndivomere kanthu kena. Ndimamvera nkhani pa foni ndikamachapa kapena ndili m'basi, za podcast zija, zina ndi masewero enieni okhala ndi maphokoso onse. Ndiye mwina khutu silinafe. Koma zimenezi zikungotsimikiza mfundo yanga: wayilesi siikufunikanso. Amene akufuna sewero akalipeza pa intaneti nthawi imene akufuna.

GogoWaBatire
Akalipeza akalifuna. Nanga amene sadziwa kuti amalifuna? Ine ndakatulo sindinaifunefune. Inandipeza ndikusita, ndikudikira uthenga wa zanyengo. Ndinaima ndi simbi m'manja mpaka malaya anapsa kolala. Pa foni yanuyo mumasankha zimene mukuzidziwa kale.

Kadzidzi
Komanso intaneti imafuna foni yabwino, netiweki ndi mabandulo. Kawayilesi kamafuna mabatire awiri, n'kumvera nyumba yonse. Apa ndikudzitsutsa ndekha, ndikudziwa.

Khutu_Lakumanzere
A Wamaikolofoni, funso lapambali. Masewero akale aja, ngati la chitseko la agogo, amasungidwa? Bwanji osangowabwereza ngati ndalama zopangira atsopano palibe?

Wamaikolofoni
Funso lowawa. Tepi inali yodula, ndiye nyumba zambiri padziko lapansi, ngakhale BBC yeniyeniyo, zinkafufuta zakale n'kujambulapo zatsopano. Zina zinkaulutsidwa pompopompo osajambulidwa n'komwe. Zimene zinatsala, tepi imaola: chinyezi chikailowa imamatirira, ukaiika pa makina imasiya utoto wake pamutu wowerengera, mawu n'kupita. Ine ndi manja angawa ndinafufutapo sewero kuti tijambulepo chilengezo. Ndinauzidwa, ndinachita. Wosewera wamkulu mmenemo anamwalira patapita zaka ziwiri, ana ake anabwera kudzapempha mawu a bambo awo. Ndinawauza kuti tifufuza.

Nthawi zina zimapezeka kwa omvera amene ankajambula pa kaseti kunyumba. Ngati muli nazo m'katoni, musataye.

Mayi_aTadala
Mwandikhudza. Bambo anga anali ndi makaseti otero, olembedwa masiku ndi bolopeni. Ndikafunsa kwa achimwene anga ngati alipo.

Kamwana_Kolemba
Pepani akuluakulu, ndine watsopano. Ndimalemba nkhani zazifupi, ndikufuna kuyesa kutumiza ku wayilesi. Ikhale yaitali bwanji, ndipo ndisamale chiyani?

Wamaikolofoni
Usawerenge masamba, tenga wotchi. Werenga mokweza, mosathamanga, ngati ukuuza munthu amene ali pafupi. Malo a mphindi 15 nkhani yako ithe pa 13 kapena 14, chifukwa pali malonje ndi nyimbo. M'Chingerezi amati mawu pafupifupi 2,000 pa nthawi imeneyo, koma mawu athu ndi aataliatali, liwu limodzi limanyamula chiganizo chonse, ndiye adzakhala ochepa kuposa apo. Pamene lilime lako lapunthwa, wowerenga adzapunthwanso, konza. Anthu asapitirire atatu kapena anayi, ndipo mayina awo asayambe mofanana. Womvera sangabwerere tsamba la m'mbuyo, ndiye ukadumpha zaka khumi, muuze. Chiganizo choyamba chigwire munthu amene dzanja lake lili kale pa batani. Ndipo mawu okhala ndi matanthauzo awiri uwaikire chizindikiro pambali, ufunse a MlakatuliWaUsiku chifukwa chake.

MlakatuliWaUsiku
Chilonda chisanapole mwayamba kale kuchitokosa. Koma inde, mwana, lemba pambali. Ndipo ufunse za malipiro usanatumize, osati pambuyo.

Kadzidzi
A Khutu, kudandaula pano sikusuntha ndandanda. Mabwana amawerenga makalata ndi mauthenga. Okonda mpira amaimba foni mpaka mizere kudzaza, okonda sewero amamvera mwakachetechete n'kukagona. Pa pepala la bwana, chete ndi ziro.

Khutu_Lakumanzere
Kalata ndalemba, ndatumiza dzulo, ndipo amene akufuna kusainira nawo yachiwiri andipeze kumbali. Usiku wathawu ndinalimbira kudikira 11 koloko. Ndinamwa madzi ozizira, ndinakhala pa mpando wolimba dala. Sewero linayamba bwino kwabasi, mayi wapeza kalata m'thumba la jekete la mwamuna wake, sadziwa kuwerenga, ndiye akufuna wina amuwerengere koma akuopa kuti woyamba kudziwa akhala wakunja. Anapita kwa mwana wake wa zaka 9. Ndinamva pepala likutambasulidwa. Ndinadzidzimuka 2 koloko, khosi lili kumbali, wayilesi ikuimba nyimbo zachikale. Amene anamva kumapeto, chonde, munali chiyani m'kalatamo?

Nyenyezi88
Ndinamvera. Mwangozi. Sindikuuzani.

GogoWaBatire
Mwangozi mpaka kumapeto, mwana wanga?

Nyenyezi88
Mwanayo anawerenga mizere iwiri n'kusiya. Kenaka ananama. Zinachita kumveka kuti akunama, ndipo mayiyo anadziwa. Zina mukafunse a wayilesi ngati abwereza Lamlungu.